Chilengedwe Sichikubwerera M'mbuyo

Kwa zaka zambiri, ngakhale akatswiri a zakuthambo ankakhulupirira kuti chilengedwe chikufutukuka koma liwiro lake likuchepa. Ankati mphamvu yokoka, yomweyi imene imagwetsa mango pansi, ikugwira milalang'amba, ndipo mwina tsiku lina zonse zidzabwerera malo amodzi, n'kuphwanyana, kenako n'kubadwanso. Mpaka lero anthu wamba ambiri amaganiza choncho.

Mu 1998 magulu awiri a akatswiri, lina la Saul Perlmutter, lina la Brian Schmidt ndi Adam Riess, anayeza kuwala kwa nyenyezi zophulika zakutali zedi. Zinaoneka zozimirira kuposa mmene ankayembekezera, ngati nyali za basi imene yafika kutali kuposa pomwe umaiganizira. Kunapezeka kuti liwiro la kufutukukako likuwonjezeka! Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2011.

Chimene chikukankha chilengedwe kuti chizifutukuka mofulumira anachitcha dark energy, kutanthauza mphamvu yosaoneka. Chikapitiriza chonchi, milalang'amba idzatalikirana, nyenyezi zidzazima imodziimodzi, kudzangotsala mdima ndi kuzizira. Ndikayang'ana kumwamba usiku, zimenezi zimandikhudza mtima kwambiri.

Nanga za kubadwanso? Roger Penrose, katswiri wa masamu ndi sayansi, amati chilengedwe chatsopano chingathe kuyambira pa mapeto ozizirawo, popanda zinthu kubwereranso pamodzi. Koma limeneli likadali lingaliro chabe, silinatsimikizidwe.