Fentanyl: naloxone asasowe m'nyumba mwanu

Uthengawu ndi wa abale athu okhala ku America ndi ku Canada, komanso makolo amene ana awo akuphunzira kumeneko.

Fentanyl ndi mankhwala opha ululu amene madokotala amagwiritsa ntchito pa opaleshoni ndi pothandiza odwala khansa. Koma amene akutha anthu ndi wopangidwa mobisa n'kumagulitsidwa mumsewu. Mphamvu yake imaposa ya heroin pafupifupi ka 50. Mamiligalamu 2 okha, kaufa kokwana pansonga ya pensulo, angathe kupha munthu. Mu 2022 anthu oposa 107,000 anamwalira ku America chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo, ndipo pafupifupi 7 mwa anthu 10 alionse anafa ndi fentanyl kapena mankhwala ofanana naye.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri sadziwa n'komwe kuti amwa fentanyl. Ogulitsa amamusakaniza mu cocaine ndi heroin, kapena amaumba mapiritsi abodza ooneka ndendende ngati Xanax kapena Percocet. Mwana wabwinobwino akhoza kulandira piritsi limodzi kwa mnzake kuti apeze tulo, osadzukanso. Piritsi losachokera ku famase musalikhulupirire.

Zizindikiro

Munthu amene fentanyl wamupitirira muyezo sadzuka ngakhale mumugwedeze kapena kumuitana mokweza. Amapuma mwapatalipatali, kapena amasiyiratu. Amaliza mkonono wachilendo ngati watsamwa. Timadontho takuda ta m'maso timachepa kwambiri. Mabuku ambiri amati milomo imasanduka yabuluu, koma pakhungu ngati lathuli yang'anani milomo ndi zikhadabo zotuwa ngati phulusa.

Chochita

Imbani 911. Mupopereni naloxone, mankhwala othetsa mphamvu ya fentanyl m'thupi amene ambiri amawadziwa kuti Narcan, m'bowo limodzi la mphuno. Pakatha mphindi 2 kapena 3 asanatsitsimuke, poperaninso wina m'bowo linalo. Akayamba kupuma mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo musamusiye yekha, chifukwa naloxone amatha mphamvu pakati pa mphindi 30 ndi 90 ndipo munthu akhoza kukomokanso. Ngati mukukayika, poperanibe. Naloxone savulaza munthu amene sanamwe mankhwalawa.

Ena amazengereza kuimba foni poopa apolisi, mapepala kapena bilu ya chipatala. Mantha amenewa ndi omveka, koma ubongo sudikira mpweya. Canada ili ndi lamulo la mu 2017 loteteza woimba foni kuti asaimbidwe mlandu wongopezeka ndi mankhwala omwa yekha, ndipo zigawo zambiri za America zili ndi malamulo otere, ngakhale amasiyana. Lamulo la America la mu 1986 limalamula zipatala zolandira odwala mwadzidzidzi kuthandiza munthu aliyense, kaya ali ndi ndalama kaya alibe.

Boma mbali yake, ife mbali yathu

Mu March 2023 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linalola kuti Narcan azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo maofesi ambiri azaumoyo amagawa ulere pamodzi ndi timapepala toyezera ngati mankhwala ali ndi fentanyl. Komatu boma silikhala nafe m'chipinda usiku. Amene amafika msanga ndi mayi, mnzake wogona naye nyumba imodzi, kapena mbale wa kumpingo.

Ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, anachiona chimenechi. Mu 2016 azaumoyo, apolisi, zipatala, mipingo ndi anthu amene anasiya mankhwalawa anapanga gulu limodzi lotchedwa Community Overdose Action Team. Anagawa naloxone ponseponse, ndipo munthu akapulumuka ankamuyendera kunyumba n'kumulumikiza ndi chithandizo. Mu 2017 m'boma la Montgomery, kumene kuli Dayton, munafa anthu oposa 560. Chaka chotsatira imfazi zinatsika pafupifupi ndi theka.

Chimene chimatisowetsa mtendere pakati pathu ndi manyazi. Timabisa mwana wodwala poopa kuti anthu atiseka, pamene mankhwala monga buprenorphine ndi methadone amathandizadi munthu kusiya ndipo amachepetsa imfa. Atsogoleri a mipingo ndi a magulu a Amalawi, itanani azaumoyo a m'dera lanu adzaphunzitse anthu kapoperedwe ka naloxone pamsonkhano wanu wotsatira. Wofuna chithandizo ku America aimbe 1-800-662-4357, nambala yaulere ya bungwe la boma la SAMHSA, loona za mankhwala ozunguza bongo ndi thanzi la maganizo, usana kapena usiku.