First Street si msewu waukulu wa Harare

Amalume anga a ku Mufakose, dera lina la Harare, omwe anabwera kuno mzindawu ukutchedwabe Salisbury, salola kutsutsidwa pa nkhaniyi. Amati msewu waukulu ndi First Street, dzina lokha likunena. Ambiri mwa ife tinakula tikukhulupirira zomwezo.

Koma dzinalo ndi nambala chabe. Misewu ya m'tauni inapatsidwa manambala motsatizana kulowera kum'mawa, ndipo Second Street lero ndi Sam Nujoma Street. Chinanso, mbali yaikulu ya First Street ndi ya oyenda pansi okha. Mumapeza ogulitsa, alaliki ndi anthu osankha nsapato m'mawindo a sitolo, galimoto ayi.

Msewu wonyamula mzindawu ndi Samora Machel Avenue, womwe kale unali Jameson Avenue. Ukautsata kumadzulo ukutulutsa pa msewu wa ku Bulawayo, kum'mawa ukugwira wa ku Mutare. Nsanja ya Reserve Bank of Zimbabwe ili pomwepo, maofesi a boma a m'nyumba ya Munhumutapa nawonso.

Nditawafotokozera zimenezi, amalume anangoti, "Iwe mwana, nsapato zako zoyamba ndinakagula kuti?"