Kusunga basi yakale ku Britain: mafunso ndi mayankho

Mabasi ofiira osanja a Routemaster, omwe anapangidwa pakati pa 1954 ndi 1968, anasiya ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku mu London pa 9 December 2005. Ambiri ali m'manja mwa anthu wamba, ndipo malamulo a ku England, Scotland ndi Wales amawapeputsira mtolo.

Kodi basi imatchedwa yakale ikafika zaka zingati?

Zaka 40. Ikakwanitsa zaka zimenezi, mwini wake angapemphe kuti ilowe m'gulu la magalimoto akale, omwe salipira msonkho wapamsewu. Sizichitika zokha: mumapita ku positi ofesi ndi chikalata cha umwini chotchedwa V5C. Ngakhale simulipira kalikonse, chaka ndi chaka muyenera kuilembetsabe.

Nanga MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka kuja?

Kuyambira pa 20 May 2018, basi ya zaka zoposa 40 yomwe sichita malonda siikakamizidwa kukayezedwa, bola isakhale kuti inasinthidwa kwambiri m'zaka 30 zapitazi, monga kuikamo injini ya mtundu wina. Apa ndiye ndimada nkhawa. Basi ndi chigalimoto cholemera, ndipo dzimbiri limadya pansi pomwe maso safika. Mapaipi a mabuleki amaola basi itangoima, matayala amang'aluka ndi ukalamba ngakhale akuoneka osatha. Lamulo likunenabe kuti basiyo ikhale yabwinobwino pamsewu, ndipo woyendetsa galimoto yoopseza moyo angalipitsidwe mpaka £2,500. Ine ndinganene kuti kaiyezetseni ndithu mwa kufuna kwanu, makamaka ngati mudzanyamula ana a anthu.

Ndingaiyendetse ndi laisensi ya galimoto wamba?

Inde, ngati basiyo yapitirira zaka 30, simukulipiritsa munthu, ndipo okwera sakuposa 8. Mukafuna kudzaza mipando yonse, pezani laisensi ya basi.

Kodi ndingamaibwereketse pa maukwati kuti ndipeze ya dizilo?

Mungatero, koma mwayi wosalipira msonkho uja umathera pomwepo, chifukwa galimoto yonyamula anthu molipiritsa siiloledwa m'gululi. Mufunikanso chilolezo choyendetsera bizinesi ya mabasi. Ambiri zimawapweteka, poti kusamala basi kumadya ndalama, komabe lamuloli linapangidwira wosunga mbiri, osati wamalonda.

Kodi ma tram akukhudzidwa?

Ayi. Tram, sitima yonyamula anthu yoyenda m'misewu ya m'tauni, imafuna njanji ndi nthambo zamagetsi, choncho munthu sangaiimike pakhomo n'kumaitulutsa Loweruka. Yakale ya mu London inaleka kuyenda mu July 1952, ndipo yambiri inaphwanyidwa. Imene inapulumuka m'mizinda yosiyanasiyana inapulumutsidwa ndi magulu a anthu odzipereka, monga Tramway Museum Society lomwe linayamba mu 1955. Mu 1959 gululi linapeza malo pa mgodi wakale wa miyala ku Crich, ku Derbyshire, n'kuyala njanji yakeyake. Lero alendo amakwera ma tram akalewo pa mtunda wa pafupifupi mailosi imodzi.