Mgwirizano wa mayiko pa nkhani za mafoni sugulitsa ufulu wathu

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva, pa msika wa ku Salima ngakhale kwa asodzi a ku Senga Bay, kuti mayiko oyandikana akagwirizana pa malamulo a mafoni ndi intaneti ndiye kuti boma lathu lapereka mafoni athu kwa akunja kuti azimvetsera zimene timakamba. Mawu amenewa anditopetsa, chifukwa si oona.

Mafunde a wailesi, amene mafoni amagwiritsa ntchito, sadziwa malire, ndipo pamwamba pa madzi amayenda mtunda wautali. N'chifukwa chake Malawi ndi Mozambique ayenera kukambirana za mafunde amene aliyense agwiritse ntchito, kuti nsanja za mbali ino ya nyanja zisasokonezane ndi za tsidya lina. Komanso dziko lathu silifika kunyanja yamchere, choncho intaneti yathu yambiri imabwera kudzera m'mawaya a fibre odutsa ku Tanzania ndi Mozambique. Popanda kumvana, ikadatifika bwanji? Mayiko amakambirananso mitengo ya roaming, kutanthauza kugwiritsa ntchito nambala yako ya foni uli m'dziko lina, nkhani imene imakhudza mayi wopita kukagulitsa usipa ku Chipata.

Komabe dziko lililonse limasunga malamulo ake. Kuno makampani a mafoni amalandira ziphaso potsata lamulo lathu la 2016, ndipo nambala zathu zimayambabe ndi +265, pamene za Zambia ndi +260.

Wina akakuuzani mphekesera imeneyi, mufunseni modekha kuti ndi ndime iti ya lamulo imene ikunena zimenezo, kapena kafunseni nokha ku ofesi ya kampani yanu. Ngati yankho silikupezeka, chonde musautumize uthengawo pa WhatsApp.