Penshoni ya m'boma: lonjezo lomwe linkasunga anthu pa Gulupu

Kale mwana akalembedwa ntchito ya m'boma, makolo mtima unkakhala pansi. Malipiro anali ochepa, aliyense ankadziwa, koma kumapeto kunali penshoni. Wantchito sankadulidwa kanthu pa malipiro ake. Akapuma, boma linkamupatsa gratuity, ndalama ya kamodzi yomangira nyumba ku Chilomoni kapena kumudzi, kenaka kangachepe mwezi ndi mwezi mpaka tsiku lomwalira.

Koma ndalamazo sizinkasungidwa pena paliponse, zinkachokera mu bajeti ya chaka chimenecho. Thumba la boma likauma, wopuma ntchito ndiye ankadikira. Ndipo chisamukireni likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, mphunzitsi wa ku Ndirande yemwe wagwira choko zaka 30 ankayenera kukwera basi kukalondola fayilo yake ku Capital Hill. Achinyamata pa ntchito ankaona zonsezi. Ankaona mabwana awo akale akuyenda ndi envulopu m'khwapa, nsapato itatha chidendene, ndipo ankadzifunsa ngati nawonso adzathere pomwepo.

Malo amene nkhaniyi inaonekera poyera ndi chipatala cha Queen Elizabeth, chomwe tonse timangoti ku Gulupu. Chinatsegulidwa mu 1958, ndipo mu 1991 pafupi pomwepo panakhazikitsidwa College of Medicine kuti tiziphunzitsa madokotala athu konkuno. Tinaphunzitsadi. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Edzi itadzaza mawodi mpaka odwala kugona pansi, anamwino ambiri anatuluka, ena ku Britain, ena ku mabungwe omwe si a boma mumzinda momwemuno. Ine sindiwadzudzula. Munthu amene akusamalira ana amasiye a mchemwali wake sangadye lonjezo la zaka 25 zikubwerazo.

Chomwe chinathandizako ndi ndalama ya m'manja. Mu 2005 boma, mothandizidwa ndi Britain komanso Global Fund (thumba la padziko lonse lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo), linawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo, n'kukulitsanso masukulu awo. Chiwerengero cha ogwira ntchito m'zipatala chinakwera.

Lamulo la penshoni lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 linasintha zinthu mwa mtundu wina. Linakakamiza olemba ntchito kuika m'thumba la penshoni osachepera 10 peresenti ya malipiro a wantchito, wantchitoyo 5 peresenti, pansi pa diso la Reserve Bank of Malawi. Apa m'pamene ambiri sazindikira: penshoni inasiya kukhala chokopa cha boma lokha. Kampani ya ku Limbe kapena ku Makata nayo inayamba kupereka, ndipo munthu akasintha ntchito ndalama zake zimamutsatira. Mu 2017 boma linasamutsira antchito ake a zaka 35 kutsika m'munsi ku ndondomeko yosonkha, yomwe ikuyendetsedwa ndi Public Service Pension Trust Fund, pomwe akuluakulu anatsala pa yakale ija. Choncho mu wodi imodzi muli anamwino awiri, yunifolomu imodzi, koma tsogolo losiyana.

Kusinthaku n'kwabwino, ndikuvomereza, chifukwa ndalama imene ili m'dzina lako ndi yolimba kuposa imene ikudikira bajeti. Komabe zimatheka pokhapokha wolemba ntchito akamatumiza zimene wadula, pa nthawi yake. Lamulo la 2023 linalola wopuma kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi, kuchoka pa 40 peresenti. Anthu anasangalala. Chaka chomwecho, mu November, kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atangolandira zawo anapeza kuti simenti ndi malata zimene anawerengera zakwera mtengo nyumba isanafike pa mawindo.