Siponji ya m'nyanja si chomera

Pali uthenga umene umangobwerabwera m'magulu a WhatsApp: chithunzi cha siponji ya m'nyanja, pansi pake atalemba kuti ndi chomera, m'bale wake wa chinkhupule, komanso kuti aphunzitsi amanamiza ana akamati ndi nyama. Abale, zimenezi si zoona.

Chinkhupule ndi chomeradi. Chimayanga ngati nkhaka, ndipo chikauma mukachigwedeza, njere zakuda zimakhuthuka. Koma siponji ya m'madzi ndi nyama, ngakhale ilibe ubongo, mtima kapena matumbo.

Kusokonezekaku nkwakalekale, moti akatswiri enieni ankaiyika m'gulu la zomera. Mu 1765 John Ellis wa ku London anaona madzi akuyenda m'mabowo ake. Mu 1825 Robert Grant, ku Edinburgh, anaika siponji yamoyo m'madzi a m'nyanja nkuiyang'ana pa maikulosikopu. Anaona madzi akutuluka mwamphamvu pa mabowo aakulu, atalowera pa timabowo ting'onoting'ono. M'katimo muli maselo okhala ndi kaubweya kamodzikamodzi kokupiza madzi, ndipo siponji imasefa madziwo nkudya tizilombo tosaoneka ndi maso. Apa ndiye pagona nkhani: chomera chimadzipangira chakudya ndi dzuwa, pamene siponji imachita kudya.

Uthenga wotere ukakupezani, onani kaye ngati watchula kumene wachokera. Kenako fufuzani mawu akuti Porifera m'buku la bayoloje kapena pa intaneti. Ndilo dzina limene Grant anapatsa gulu la masiponji. Chonde musautumizenso uthengawo, pakuti ana a sukulu akuwerenga nawo m'magulumo.