Kanambala ka muon kamene kanakanganitsa akatswiri zaka 20

Pamwala wa pamanda a katswiri wa sayansi Julian Schwinger ku Massachusetts panalembedwa kasamu kafupi: α/2π, pafupifupi 0.00116. Nkhani yonse yagona pa kanambala kameneka.

Mu 1928 Paul Dirac anawerengera kuti mphamvu ya maginito ya elekitironi (kanthu kakang'ono kopezeka mu atomu), imene amaitcha g, ndi 2 ndendende. Polykarp Kusch ndi Henry Foley atayeza mu 1947, anapeza kuti ikupitirira pang'ono. Schwinger ndiye anafotokoza chifukwa: pamene timati palibe kanthu pamakhala tinthu tobuka n'kuzimirira nthawi yomweyo, ndipo timawonjezera mphamvuyo. Kasamu kake kaja ndi theka la chopitiriracho.

Muon ndi mkulu wake wa elekitironi, wolemera kuwirikiza ka 207, choncho tinthu tobisikato timamugwedeza kwambiri. Mukamuika m'maginito amagwedera ngati nguli, ndipo liwiro la kugwederako ndi limene amayeza kuti apeze g wake. Vuto lake, sachedwa kufa: mamaikirosekondi 2.2 basi.

CERN, malo ofufuzira sayansi a ku Ulaya, inayamba kuyeza muon mu 1959. Mu 2001 a ku malo ofufuzira a Brookhaven ku New York analengeza nambala yosiyana ndi ya owerengera, anthu n'kuyamba kunong'ona kuti mwina kuli kanthu katsopano kosadziwika. Pofuna kutsimikiza, mu 2013 ananyamula chimaginito chonse, chozungulira, cha mamita 14 m'mimba mwake, osachiphwasula (kungochipinda pang'ono chikanawonongeka). Chinayenda panyanja kuzungulira Florida, n'kukwera mitsinje mpaka ku Illinois, kenako pamsewu mpaka ku malo ofufuzira a Fermilab, ulendo wa makilomita pafupifupi 5,000.

Pa 7 Epulo 2021 Fermilab inagwirizana ndi Brookhaven. Koma tsiku lomwelo gulu la akatswiri a ku Budapest, Marseille ndi Wuppertal linatulutsa nambala yowerengera pa makompyuta amphamvu, ndipo inali pafupi ndi ya oyeza. Apa mlandu unatembenuka. Oyeza, amene ena ankawakayikira, anali bwinobwino. Owerengera ndiwo anali asanamvane okhaokha. Njira yakale yowerengera inkadalira zotsatira za kuombanitsa elekitironi ndi pozitironi (mnzake wa elekitironi wa mphamvu ya magetsi yotsutsana), ndipo mu 2023 gulu la CMD-3 ku Novosibirsk linapeza zotsatira zotsutsana ndi za anzawo akale.

Mu 2025 owerengera anasankha njira ya makompyuta, Fermilab n'kutulutsa nambala yake yomaliza, ndipo mpata uja unatsekeka. Chimene chinasiyanitsa CMD-3 ndi magulu akale ndicho akukanganirabe.